Nyumba ya Pachikamwini Ikugulitsidwa

Yeremiya Kachiwanda anagwira udobadoba pa Malomo zaka zisanu ndi zinayi. Mphunzitsi akasamutsidwira kuderali, kapena namwino akafuna kanyumba ka lendi, Yeremiya ndiye ankawatsogolera, iye patsogolo akukankha njinga, iwo pambuyo ndi zikwama. Koma dzina loti dobadobali linkamuwawa. Ankafuna azitchedwa ejenti wa nyumba ndi malo, wa laisensi yopachika pakhoma. Choncho anakalembetsa maphunziro ku Lilongwe, n'kubwerako ndi chibuku chonenepa komanso tsiku la mayeso.

Mayesowo anali ndi gawo la pakamwa, loonetsa nyumba kwa wogula. Yeremiya anati ayeserere pa nyumba yomwe ankagonamo. Anang'amba katoni ya sopo, n'kulembapo ndi khala kuti IKUGULITSIDWA, FUNSANI EJENTI. Anaikhomera pamtengo wa mapeyala pabwalo, n'kupempha mkazi wake Lidia kuti akhale wogula.

"Takulandirani, mayi. Nyumbayi imalandira mpweya wabwino wochokera kuphiri."

"Si windo lija mukukanika kuikamo galasi?" anatero Lidia.

"Inu ndinu wogula, zimenezo simukuzidziwa!"

"Chabwino. Nanga denga likudonthali?"

"Madzi amafika m'nyumba momwe, mayi."

Lidia anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako ananyamula khasu ulendo wa kudimba, Yeremiya naye n'kupalasa njinga kukajambulitsa zithunzi za pafomu. Chikwangwani chija chinatsala pamtengo.

Tsono Yeremiya anali mkamwini. Malowo anali a kwawo kwa Lidia, ndipo wowayang'anira anali atsibweni ake a Lidia, a Benjamini, mkulu wa mpingo wokhala ku Madisi. Wina wodutsa anajambula chikwangwanicho pafoni n'kuwatumizira. M'mawa mwake a Benjamini anatsika pa kabaza atavala jekete la Lamulungu, n'kudzakhala pampando pansi pa mtengo womwewo.

"Ndamva kuti pali nyumba yogulitsa," anatero. "Ndine wogula."

Mtima wa Yeremiya unakhala m'malo. Anaganiza kuti Lidia wawapempha adzamuthandize kuyeserera. Anakonza kolala, n'kuwazungulitsa nyumba yonse, akutama mpweya wa kuphiri, khonde, ngakhale khola la nkhumba lomwe analitcha chipinda cha alendo chosamaliza.

"Mwini malowa ndani?" anafunsa a Benjamini.

"Ndi mkulu wina wovutirapo, wosamva zinthu msanga," anayankha Yeremiya, akutsitsa mawu ngati ejenti weniweni. "Koma ameneyo ndisiyireni ine."

"Oho. Akudziwa kuti mukugulitsa?"

"Adzamva zikatha."

Apa n'kuti Lidia atatulukira ndi ndowa pamutu. Ataona nkhope ya atsibweni ake, anatula ndowayo msangamsanga, n'kugwada, n'kufotokoza zonse za mayeso. Yeremiya analakalaka nthaka yomwe amagulitsayo itang'ambika kuti alowemo.

A Benjamini anavula jekete n'kulikoleka pamsomali wa chikwangwani.

"Akamwini, mwandikopa. Mpweya mwautamawu ndikufuna ndiupume ndekha. Ndikhala mpaka mayeso anuwo."

Anakhaladi. Poti kumpingo ndiwo ankafunsa mafunso anthu a kalasi asanabatizidwe, analanda chibuku chija n'kuyamba kumufunsa Yeremiya m'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe. Kodi malo obwereka kuboma amasiyana bwanji ndi malo a makolo? Ndani ali ndi mphamvu yogulitsa? Akalakwitsa, ankamuuza abwereze katatu ataimirira. Yeremiya anaonda, koma chibukucho chinalowa m'mutu chonse, ndi nambala za masamba zomwe.

Mayeso anakhoza bwino kwambiri moti womuyesa anafunsa sukulu yomwe anaphunzira. Laisensi itafika, Lidia analuluta, Yeremiya n'kuyamba kufunsa mwaulemu nthawi yomwe minibasi ya ku Madisi imanyamuka.

"Musavutike," anatero a Benjamini. "Kuno ndakuzolowera. Ntchito yanu yoyamba ngati ejenti, mundipezere nyumba ya lendi pafupi pompano, tizionana tsiku lililonse."

Yeremiya anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anawapezera nyumba yabwino, ya malata atsopano, kuseri kwa mapiri awiri ndi mtsinje wopanda mlatho.

"Ndi pafupi?" anafunsa a Benjamini.

"Pafupi kwambiri, atsibweni," anatero Yeremiya. "Mukakwera pachulu, utsi wa kwathu muziuona."