Mtanda wa a Mailosi

Mpaka lero ku Lirangwe kuli anthu amene amati mayi Magret analakwa. Anthu oterewa ndi osavuta kuwadziwa: sanagonepo pansi pa denga limene anasenzera okha matabwa ake.

Denga la nyumba ya mayi Magret anakhoma ndi malemu amuna awo, a Mailosi, kalipentala wa pamsika. Pakati pa balaza panadutsa mtanda wa bulugama, kuchoka khoma ili kukafika khoma linalo, ndipo denga lonse linatsamira pamenepo ngati mwana kumsana. A Mailosi analibe wowathandiza wina koma mkazi wawo. Iwo akamacheka, mayi Magret ankagwira thabwa, ndipo makutu awo anachita kutopa ndi mawu amodzimodzi: "Mphamvu ya thabwa ili m'mphepete, kumwamba ndi kunsi. Ukafuna kudutsitsa chinthu, boola kabowo kakang'ono pakatikati pa thupi lake, chakufupi ndi khoma. Kunsi kwa mtanda sadulako." Dengalo linali ntchito yawo yomaliza. Chaka china mphepo inasasula malata kuyambira ku Mdeka mpaka ku Chileka, koma pa nyumba imeneyi sipanazuke ndi msomali womwe.

Kenaka pakhomo panabwera mkamwini. Kingsley, mwamuna wa mwana wawo Angella, anali wakabaza wa njinga yamoto, kwawo ku Chileka. Ulemu anali nawo wosefukira. Akaona apongozi akubwera m'njira ankapatukira m'chimanga, ndipo mawu alionse pakati pa awiriwa ankadzera mwa Angella, monga mwambo unenera. Mayi Magret ankanyadira kwambiri, mpaka kuwauza anzawo kutchalitchi kuti akamwini otere anatha kale.

Tsiku lina Kingsley anabwera ndi sola, batire, mababu ndi mawaya, zonse atazimangirira pa njinga. Inali mphatso ya apongozi, kuti asiyane ndi tochi. Mayi Magret analulutira, natumiza zikomo kudzera mwa Angella.

M'mawa mwake akuchokera kudimba anamva sowo ikulira m'nyumba mwawo. Atasuzumira pakhomo anaona utuchi pansi. Kingsley anaima pa tebulo, khosi atalipinda, akucheka kunsi kwa mtanda, pakati penipeni pa balaza. Pambali anali atagoba kale kamsewu ndi tchizulo. Mayi Magret anamva ngati akuwacheka m'mimba. Koma taonani mphamvu ya mwambo! Mayi wamkulu, mwini nyumba, anabwerera cham'mbuyo ngati wakuba n'kukabisala kukhitchini.

"Angella! Amuna akowo akutani ndi mtanda wa bambo ako?"

"Akuti waya alowe m'kati, amayi, asamaoneke. Zikhale ngati nyumba za m'tauni."

"Thamanga ukawauze asiye. Waya adutse m'mbali ndi timakilipi. Kunsi kumeneko n'kumene kwagwira denga lonse. Wamva?"

Angella anapita, koma mawu akadzera m'kamwa mwa mkazi wokonda mwamuna wake amafika atazizira. Mayi Magret anatchera khutu n'kumva mwana wawo akunena mofewa: "Bambo a Noel, amayi akuti mwina mwatopa, mupumeko kaye."

"Iii, auzeni zikomo, sindinatope ayi," anayankha Kingsley mosangalala, ndipo sowo inayambiranso mwamphamvu kuposa kale.

Angella atabwerera anapeza mayi ake maso ali psu.

"Ndinakutuma zimenezo ine?"

"Nanga amayi, munthu wagula zinthu ndi mtima wake, ndikamuuze kuti akuwononga? Achita manyazi."

"Manyazi amagwira denga? Bwerera!"

Ulendo wachiwiri uthenga unafika uli wotere: "Akuti kapena waya angathenso kudzera pena." Kingsley anati apongozi asadandaule, iye anaonera bwinobwino pa foni mmene amachitira. Pa foni! Nyumba imene anaionera pa foniyo kaya inali ya kuti, koma a Mailosi sanaikhomepo msomali.

Mayi Magret anaimbira mchimwene wawo, a Japhet, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo. Anawapeza ali pamsika ku Mdeka, akugulitsa anyezi.

"Achemwali, ugwireni mtima," anatero a Japhet. "Musayerekeze kulankhula naye nokha, mutichititsa manyazi. Ndikabwera madzulo tikambirana bwinobwino."

Madzulo! Sowo ikudya mtanda tsopano lino, munthu akunena za madzulo. Mayi Magret anakhala pa mtondo, akumva kulira kwa sowo kukusintha pamene inkalowa m'kati mwa thabwa. Kulira kumeneko ankakudziwa. Anapsa mtima ndi Kingsley, ndi Angella, ndi a Japhet, ngakhalenso ndi a Mailosi amene anafa n'kuwasiyira nzeru zopanda pozinenera. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anadzuka.

"Kingsley!"

Dzina lenileni, pamaso ndi pamaso. Mnyamata wa anthu anacheuka, sowo ili m'mwamba.

"Tsikani pamenepo. Mtanda umenewo mwaupha. Ndipatseni sowoyo."

Sanadikire kuti awapatse. Anaitsomphola okha n'kuiponya panja. Angella anayamba kulira. Kingsley anatsika, maso ali pansi, analiza njinga yake n'kupita kwawo ku Chileka osatsanzika. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira mudzi wonse, ndipo m'nkhani monsemo munalibe mtanda. Munali mayi wopanda mwambo amene walalatira mkamwini wake womugulira magetsi.

Loweruka ankhoswe anabwera. A Japhet anatsagana ndi a Lyford, malume ake a Kingsley, bambo wa jekete lakuda ngakhale kunali dzuwa la Okotobala. Kingsley anawatsata pambuyo. Ankhoswewo anafuna kukhala panja pamthunzi, koma mayi Magret anati ayi, alendo olemekezeka alowe m'nyumba. Mipando anali ataiika kale pakati pa balaza, pansi penipeni pa bala lija la pamtanda.

A Lyford analankhula nthawi yaitali. Anati kwawo mwana analeredwa bwino, anati mphatso saiyang'ana mano ngati mbuzi ya pamsika, anati mpongozi amene aitana mkamwini ndi dzina wavula banja lonse. Za thabwa anangoti, "Kachidutswa kakang'ono ngati kameneko, mayi, n'kochitira chipongwe munthu?" A Japhet ankangovomera ndi mutu, mlongo wawo osamuyang'ana n'komwe.

"Ngati n'kakang'ono, khalani pomwepo," anatero mayi Magret. "Ine ndikhala kuno kukhomo."

Masana amenewo kunali mphepo ija imatsogolera mvula, youma, yonyamula fumbi ndi mapesi. Inawomba koyamba, malata analira. Itawombanso, mtanda unati tswa! Kuchokera pa bala lija mng'alu unayenda motsata thabwa, ndipo utuchi unagwera pa jekete la a Lyford. Bamboyo anayang'ana kumwamba.

"Kapena tikapitirizire panja," anatero, ali chiimire kale. "Muno mukutentha."

A Japhet anali atafika kale pabwalo, chipewa atachisiya pa mpando.

Amene sanathawe anali Kingsley. Anatuluka n'kubwera ndi mzati umene unali kuseri kwa khola, nauimika pansi pa mtanda, akuukankha ndi phewa mpaka unagwira. Kenaka anatembenuka. Angella anali pomwepo, wokonzeka kunyamula mawu monga mwa masiku onse, koma Kingsley sanamuyang'ane.

"Amayi," anatero, "ndiuzeni nokha. Ndichite bwanji?"

Mayi Magret anamuuza. Matabwa awiri aatali, lina mbali iyi lina mbali inayo, omangidwa ndi mabawuti, mabowo ake pakatikati pa thabwa. Waya adutse m'mbali ndi timakilipi, poonekera, pamene msomali wa munthu wina sudzamulasa mwangozi. Iwo anagwira thabwa, iye akuboola, ndipo ankhoswe anaonerera pawindo.

Denga linapulumuka, koma mtanda sunabwerere mwakale. Madzi akatayika sawoleka. Kalipentala amene anabwera kudzaona anati mzati uja usachoke, ndipo ulipobe pakati pa balaza, aliyense wolowa amachita kuuzungulira. Babu la Kingsley limawala bwino kwambiri, moti limaonetsa chilichonse: mzati, mabawuti, ndi matabwa achilendo ataphimba ntchito yomaliza ya a Mailosi. Mayi Magret akaliyang'ana mtima umawawabe.

Tsiku lina pachitsime mayi wina anawafunsa mwachinyengo ngati sakuona kuti analakwa tsiku lija.

"Ndinalakwa kwambiri," anayankha mayi Magret, akusenza ndowa yawo. "Nthawi yonse ija ndinakhala kukhitchini ndikusunga ulemu, sowo inali ikudya."