Lole Inafika Msonkhano Uli Mkati

Uthenga unachokera ku khonsolo wakuti mudziwo wachepa anthu. Zikapitirira choncho, komiti yawo ya chitukuko ithetsedwa, ndipo iwo alowa pansi pa mudzi wa kutsidya kwa mlatho.

Amene anapsa mtima kwambiri anali Madamu, mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale. Anayenda khomo ndi khomo kudzudzula mabanja amene ankafuna kusamuka. Kalipentala atanena kuti akupita kutauni chifukwa matebulo ake akungochita fumbi, Madamu anamunena pagulu kuti ndi wamantha, mpaka bamboyo anamasula katundu amene anali atamanga kale.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti amuna a Madamu anali atapeza ntchito kutauni komweko, nyumbanso itapezeka. Madamu ankadziuza kuti choyamba apulumutse mudzi, zinazo adzafotokoza bwino pambuyo. Anapangana ndi dalaivala wa lole kuti adzabwere msonkhano ndi a khonsolo utadutsa.

Msonkhanowo unachitikira m'kalasi mwa Madamu. Akuluakulu anadzipanikiza m'madesiki a ana, mawondo akugunda matabwa. Bwana wa ku khonsolo, munthu wofatsa wovala magalasi, anamvetsera Madamu akulankhula.

"Tachepa inde, bwana, koma tilipo. Tinabadwira pano, tidzafera pompano. Palibenso amene akuchoka!"

Anthu anawomba m'manja. Apongozi aakazi a Madamu, amene anakhala kutsogolo, anapukuta misozi ndi mpango.

Nthawi yomweyo panja panamveka kulira kwa lole. Posakhalitsa dalaivala anasuzumira pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Pepani akuluakulu, ndakudulani pakamwa. Madamu, mawa ndili ndi ulendo wina, ndiye ndati ndibweretu lero. Bedi ndi mipando takweza kale, koma kabati ikukana kutuluka. Bambo akunyumba akuti tifunse inu. Tiswe chitseko?"

Madamu anafuna kunena kuti dalaivalayo wasochera, koma pawindo aliyense ankaona matiresi awo ali pamwamba pa lole, atamangidwa ndi chingwe.

"Kabati ikupita kuti, mwananga?" apongozi anafunsa motsitsa mawu.

Bwana wa ku khonsolo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera.

Amene anaimirira anali kalipentala uja. Madamu anaweramitsa mutu kudikira chipongwe, poti anali atachiputa okha.

"Musaswe chitsekocho," kalipentala anauza dalaivala. "Tiyeni, ndikatenge zida tikachimasule bwinobwino."

Atatuluka, ena anatsatira mmodzimmodzi, osayang'ana Madamu kumaso. Msonkhano unathera pomwepo, popanda wotseka.

Madzulo ake lole inanyamuka. Madamu anakana kukhala kutsogolo. Anadzipanikiza kumbuyo pakati pa kabati ndi matumba a zovala, ndipo podutsa pasukulu anamva ana akukuwa kuwatsanzika, koma sanadzutse mutu.

Patapita miyezi, mudziwo unalowadi pansi pa wa kutsidya. Madamu anamva nkhaniyi kwa amuna awo, ali kukhitchini. Apongozi amaimbabe foni kumapeto kwa sabata. Amafunsa za adzukulu, za chifuwa cha mwana wawo, ngati madzi akutuluka pampopi. Za tsiku lija sanatchulepo ngakhale kamodzi. Madamu amayankha mwaulemu, kenako amafulumira kupereka foniyo kwa ana.