Zobzikula za Chigawenga

Alamu anga aakazi anaphunzira mpaka imvi kuyamba kusuzumira, ndipo chimene anakatola kusukuluko ndi ndowe za ngamila. Sindikunyoza ayi, ntchito yawo ndi yomweyo. Amabwera kufamu kwathu ndi timabotolo ndi magolovesi, n'kudikira ngamila idzithandize, kenako n'kutengera ndowezo kulabu, kuchipinda choyezera zinthu, kukafufuza mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'mimba n'kumathandiza nyama kugaya udzu. Amuna anga, omwe ndi achimwene awo, amawatcha Adokotala a Ndowe. Kale linali dzina lansangala. Chimwalirireni apongozi anga, amayi awo a awiriwa, limatuluka lozizira.

Chinawadanitsa n'chakuti pamaliropo amuna anga sanagwetse msozi. Anthu ali mkati molira, iwo anadzuka n'kupita kukamwetsa ngamila. Alamu anati achimwene awo alibe mtima, ndipo mawuwo anafika kwa eni ake. Kuyambira pamenepo ankalankhulana kudzera mwa ine, ngakhale atakhala patebulo limodzi. Amati chibale n'fupa, sichiola. Zoona, koma fupa limatsamwanso, ndipo amene ndinkatsamwidwa ndinali ine.

Kenako chifuwa chinalowa m'khola. Dokotala wa ziweto anabaya ngamila zonse jakisoni wamphamvu, chifuwa n'kutha. Koma mankhwala otere sasankha, amapha tizilombo toipa ndi tabwino tomwe. Ngamila zina zinatsegula m'mimba, n'kumadya monyinyirika. Chiphadzuwa yekha, ngamila yaikazi yokalamba imene apongozi anailera ndi botolo itafedwa make, anasiyiratu kubzikula. Anangogwada pakona ya khola, linunda litagwera kumbali, nsagwada zili duu. Dokotala anati akadzabweranso n'kumupeza ali chomwecho, kuli bwino kungomupumitsa.

Njira inatsala imodzi: kutenga zobzikula m'kamwa mwa ngamila yathanzi, kuzisungunula m'madzi ofunda, n'kumwetsa yodwalayo kuti tizilombo tabwino tibwerere m'mimba. Nanga yathanziyo ichokera kuti, zonse zitabayidwa? Inalipo imodzi. Chigawenga, ngamila yamphongo ya m'khola lakelake, sanabayidwe, chifukwa tsiku la jakisoni anang'amba jekete la dokotala, munthu wamkulu n'kudumpha mpanda. Nkhanza zake ndi zimene zinamusungira m'mimba mwake.

Ndinaimbira foni alamu, ndipo anafika m'mawa asanamwe n'komwe tiyi. Atamva za Chigawenga anayamba kusisita khosi la Chiphadzuwa.

"Vuto ndi lakuti ndi yamphongo," anatero, maso ali kwa ine.

"Afunse kuti vuto lake n'chiyani," anatero amuna anga.

"Alipo apa, afunseni nokha," ndinatero. Ndinali nditatopa nawo onse awiri.

Alamu anatembenuka. "Achimwene, m'mimba mwa ngamila yamphongo ndi yaikazi simufanana. N'zimene takhala tikupeza. Udzu womwewo, madzi omwewo, chodyeramo chimodzi, koma mitundu ina ya mabakiteriya imachuluka mwa zamphongo, ina mwa zazikazi."

"Chifukwa?"

"Mwina thupi lenilenilo. Yaikazi imabereka, imayamwitsa. Yamphongo ikayamba kufuna zazikazi imasiya kudya. Sitinadziwe bwinobwino."

"Ndiye zigwira kapena sizigwira?"

"Sindikudziwa."

"Zaka zonsezi uli m'ndowe, iwe, yankho n'kukhala sindikudziwa?"

"Mukufuna ndikunamizeni? Zikhoza kugwira, chifukwa zambiri n'zofanana. Zikhozanso kukana. Amene ndingamunamize si inu, komanso si pa ngamila ya amayi."

Ndinawakonda alamu anga pa mawu amenewo. Ndinayang'ananso awiriwo, mphuno imodzi, makani amodzi, anthu oti anakula akulimbirana supuni m'mbale imodzi. Ndinaganiza kuti ngati ngamila zodyera pamodzi zimasiyana m'kati popanda wodziwa chifukwa chake, n'chifukwa chiyani timadabwa anthu awiri akameza chisoni chimodzi n'kuchigaya mosiyana? Sindinanene. M'banja muno ukayankhula zanzeru amakufunsa ngati wadwala.

Amuna anga anatenga zingwe. Tinamugwaditsa Chigawenga movutikira, akubangula, thovu lili mbwee, n'kumumanga mawondo. Chingwe cha kumutu anagwira ndi alamu, atachikulunga kumkono. Kenako tinadikira kuti mtima wake ukhale pansi, chifukwa ngamila yokwiya siibzikula. Dzuwa linatiwotcha, ntchentche zikutizungulira. Ndiye tinachiona, chibuluma chikukwera pang'onopang'ono m'khosi lalitalilo mpaka kufika m'tsaya.

"Tsopano, achimwene!"

Amuna anga analowetsa dzanja m'mbali mwa kamwa. Chigawenga anapotoza mutu, alamu n'kukokedwa mpaka kugwada m'matope, koma chingwe sanachitaye. Ndinamva mano akutseka. Amuna anga sanakuwe. Anatulutsa dzanja likuchucha magazi, chibakera chili chofumbata, ndipo m'kati mwake munali udzu wobiriwira wonunkha koopsa.

"Tenga msanga zisanazizire," anauza mlongo wawo, osadzeranso mwa ine.

Alamu anasungunula m'ndowa, n'kuthira m'botolo, n'kumwetsa Chiphadzuwa pang'onopang'ono kuti asatsamwidwe. Ine ndinathamangira nawo amuna anga kuchipatala, kumene namwino anawasoka uku akuwafunsa ngati ngamila za kwawo zilibe mano. Mawa lake tinabwerezanso, ulendo uno ndi dzanja lamanzere, ndipo Chigawenga anangowaluma pang'ono pachala.

Kenako kunali kudikira basi. Alamu sanabwerere kuntchito. Ankakhala pandowa yovundikira pafupi ndi Chiphadzuwa, amuna anga ataima patali, akunamizira kukonza mpanda ndi dzanja lomangidwa bandeji. Ine ndinkaopa kulira kwa galimoto iliyonse, poganiza kuti ndi dokotala uja wabwera ndi jakisoni wake womaliza.

Masana ena, ndikubweretsa madzi akumwa, alamu anandikodola ndi chala pamlomo. Khosi la Chiphadzuwa linagwedezeka. Kachibuluma kakang'ono kanakwera, kanaima pakati ngati kakuganiza, kenako kanapitirira. Nsagwada zija zinayamba kuyenda, kumanzere, kumanja, mwaulesi, monga amachitira masiku onse. Mtima wanga unachita kuti myaa.

Amuna anga anaona. Anaika pansi pulayala n'kulowera kuseri kwa thanki ya madzi.

"Mwaonatu, alamu," anatero mlamu wanga. "Ngamila ya amayi yadzuka, iwo akupita kukaona madzi. Ngati tsiku lija."

"Tamverani," ndinatero.

Mpopi unali wotseka. Kuseri kwa thanki kunkamveka mawu otsika, odukaduka, a munthu wamkulu amene wadziluma mkono kuti asamveke.

Alamu anandiyang'ana.

"Tsiku lija kunalinso komweko," ndinatero. "Ndi masiku ambiri pambuyo pake. Ngamila zinkamwa madzi mpaka kutopa nawo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Anandiletsa. Komanso inu simunafunse."

Anakhala kaye pandowapo, akuyang'ana nsagwada za Chiphadzuwa. Kenako anavula magolovesi, n'kuwasiya pansi, n'kuyenda kulowera kuthanki. Sanazungulire. Anaima mbali ya kuno, n'kutsamiritsa chipumi pachitsulo chotenthacho.

"Achimwene," anatero chapansipansi, "ndine."

Kuseri kuja kulira sikunasiye. Kunangokwera.