Mzere wa a Belgacem

Ndinali patsinde pa mtengo wa makumi anayi ndi chisanu ndi chiwiri, ndikulemba manambala, burashi m'manja, penti yofiira ikuyenderera mpaka m'chigongono, pamene Lotfi anatulukira kuseri kwanga.

"Kapitawo, akanjedzawa mukuwalembetsa sukulu?"

"Ndikugawa mizere. Kuyambira mawa aliyense ndi mzere wake."

"Eee! Muiwuzenso mvula kuti izibwera mzeremzere."

Anzake anaphulika chikhakhali. Ine sindinaseke, chifukwa mtima sunali m'malo. Unali mwezi wa Seputembala, zipatso zitayamba kupsa m'minda yonse ya ku Nefta, ndipo mitambo inkangozungulirazungulira chakumadzulo. Mvula ikadontha pa mkoko wosavala thumba, chipatso chimang'aluka n'kusasa, ntchito ya chaka chonse yapita. Tinali ndi mitengo mazana asanu ndi limodzi yofunika kuveka matumba, okwera ake asanu ndi mmodzi basi.

Ndinali nditangotha sabata imodzi paukapitawo, satifiketi yanga ya kayendetsedwe ka ntchito yochokera ku Gafsa idakanunkha inki. Mwini munda, bwana Taoufik, anali atandiimbira foni katatu tsiku lomwelo.

"Chokri, ine ndimalipira munthu mmodzi woponda pansi, ndiye kapitawo. Ena onse m'mwamba. Ndamva kuti pagulupo pali wina sakwera. Lachinayi ndikubwera, undipatse dzina lake, azipita."

Kupeza dzinalo ndiye kunali kovuta. Anthuwa ankagwira ntchito chipwirikiti, uyu wakwera, uyu watsika, uyu wathamangira matumba. Madzulo ndikafunsa Lotfi kuti wakwera ingati, ankati, "Takwera zana limodzi."

"Sindikufunsa gulu, ndikufunsa iweyo."

"Ineyo ndinali m'gulu momwemo, kapitawo."

Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Zinkandinyansa. Kusukulu anatiphunzitsa kuti chimene sungachiyeze sungachiyendetse, ndipo mawuwo ndinkawakonda kwambiri. N'chifukwa chake ndinagula penti.

Kutacha ndinawaimika pamzere n'kuyamba kuwerenga. Nditafika pa dzina lomaliza ndinati, "A Belgacem, wanu ndi uwu wa m'mbali mwa ngalandewu."

A Belgacem anali wamkulu pa onse, munthu wa imvi, woonda, amene anaphunzitsa theka la Nefta kukwera kanjedza. Anandiyang'ana, anayang'ana mzerewo, kenako anatola chingwe chawo.

Lotfi anandikokera pambali. Nthabwala zonse zinali zitamuthera.

"Achimwene, mzere umenewo tipatseni ife. Tithana nawo dzuwa lisanafike pamutu."

"Aliyense ndi wake."

"Madalawa ndi amene amanola zikwakwa. Ndi amene amamanga matumba pachingwe kuti ife tisamatsikiretsike. Akayang'ana mkoko ali pansi amadziwa kuti uthyoka mawa. Zimenezo mwazilemba pamtengo uti?"

"Ndiye ukundiuza kuti sakwera?"

"Ine sindinakuuzeni kanthu."

Dzina ndinali nditalipeza pamenepo. Ndikanatha kungotseka kope langa n'kuchokapo. Koma ndinkafuna umboni woona ndi maso, ndipo mpaka lero manyazi amandigwira ndikakumbuka kuti ndinapinda manja n'kudikira.

A Belgacem anazunguliza chingwe pathunthu ndi m'chiuno, anatchula dzina la Mulungu, nayamba kukwera. Poyamba ndinaganiza kuti ndalakwitsa munthu, chifukwa mapazi awo ankapeza okha popondera. Koma atapitirira pang'ono pakati pa mtengo anaima. Mwendo wamanzere unayamba kunjenjemera, kenako wamanja. Anakumbatira thunthu, tsaya ataligunditsa pakhungwa, osakwera, osatsika.

Palibe anakuwa. Ndinangomva mapazi akuthamanga m'mizere yonse, anthu akusiya matumba pomwe anali. Lotfi anakwera mtengo womwewo mpaka mutu wake unafika pansi pa zidendene za madalawo.

"Madala, pondani paphewa langa. Mwaiwala kuti munkandiponda ndi mawu tsiku ndi tsiku? Lero pondani zenizeni."

Anatsika pang'onopang'ono, munthu pamwamba pa mnzake, enawo atatambasula manja pansi. Atafika, a Belgacem anakhala pamphepete mwa ngalande. Anandiuza okha, osandiyang'ana kumaso.

"Zinayamba chaka chatha, mwanawe. Ndikafika pamenepo dziko limazungulira. Anyamatawa usawalange, anangondibisa. Lemba dzina langa."

Palibe anandilankhula tsiku lonselo. Tiyi wa masana anamwa okha, kapu yanga ataivundikira pathireyi. Ndinayenda mundawo uku ndi uku osadziwa chimene ndikufuna. Aliyense anabwerera kumzere wake monga ndinalamulira, akutsika yekha kudzatenga matumba, akunola yekha chikwakwa, ndipo pomafika madzulo tinali titaveka mitengo makumi asanu ndi awiri yokha. Mphepo inali itayamba kununkha mvula.

Lachinayi m'mawa bwana Taoufik anabwera. Sanazimitse n'komwe injini ya galimoto, anangotsitsa galasi.

"Dzina?"

Anthu onse anali chapafupi, akunamizira kukonza zingwe. Ndiyenera kunena pano chinthu chimene sindinkauza munthu: chibadwire ndinali ndisanakwerepo kanjedza. Ngakhale padenga la nyumba ya mayi anga ndinkachita chizungulire. Mantha amenewa ndi amene anandithamangitsira kusukulu, kuti ndidzapeze ntchito yoponda pansi.

"Munati woponda pansi akhale mmodzi, si choncho bwana?"

"Ndinatero."

"Ndiye akhala a Belgacem. Ntchito ya pansi akuidziwa kuposa ine."

"Nanga mzere wawo akwera ndani?"

"Ine."

Bwanayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iweyo? Ndi satifiketi yako ija? Malipiro a wokwera ukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa."

"Zako zimenezo. Ine ndikufuna matumba onse ali m'mwamba mvula isanagwe. Ukagwa, usagwere pamkoko."

Anakweza galasi n'kumapita. Fumbi lisanakhazikike ndinali nditayamba kale kunong'oneza bondo.

Lotfi anabwera akukanda m'mutu. "Achimwene, munakwerapo chiyani pamoyo wanu, kupatula basi ya ku Gafsa?"

"Palibe."

"Mayo ine! Madala, bwerani mudzaone chimene mwatisiyira."

A Belgacem anadzuka. Sanandithokoze, ndipo ndinakondwa kuti sanatero. Anangoti ndivule nsapato, n'kundimanga chingwe m'chiuno ndi manja awo omwe. Anakoka mfundoyo kawiri.

"Usayang'ane pansi, usayang'anenso kumwamba. Yang'ana pomwe pali dzanja lako. Tsamira chingwe, usakumbatire mtengo, si mkazi wako."

Ndinaponda koyamba, khungwa linandiluma kuphazi. Ndinaponda kachiwiri, kachitatu. Thukuta linkalowa m'maso. Nditafika chapakati dziko linayamba kuzungulira, ndipo ndinadziwa bwinobwino chimene ndinachitira munthu wamkulu uja. Ndinafuna kukuwa kuti anditsitse.

"Mwendo wamanzere!" anatero a Belgacem kuchokera pansi. "Kweza. Pali popondera pamenepo, ndikupadziwa. Eya. Tsopano wamanja."

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinangozindikira munga wandilasa paphewa, masamba akundikwapula kumaso, mkoko wachikasu uli pamphuno panga. M'mitengo yoyandikana nayo Lotfi ndi anzake anali kale m'mwamba, onse mumzere umodzi womwewu, akundinena mokweza kuti ndakwera ngati nkhosa yodwala.

Dontho loyamba linandigwera pakhosi. Chingwe chaching'ono chimene a Belgacem anandipachika palamba chinagwedezeka kawiri, ndipo ndinachikoka ndi dzanja limodzi, linalo litakanirira tsinde la tsamba. Kumapeto kwake kunkabwera thumba, likuzungulira m'mphepo, litamangidwa ndi mfundo yomasuka ndi chala chimodzi chokha, poti womangayo anadziwa kuti dzanja lina sindingalichotse pomwe linali.