Kompyuta Yosadziwa Kukana

Achemwali anga anandipeza ndikuwotcherera waya wa chaja ya kasitomala, n'kukhala pa benchi osapereka moni. Awa ndi munthu wopereka moni ngakhale kwa galu wa eni. Akakhala chete chonchi ndiye kuti kwinakwake zavunda.

"Bwana andiuza kuti mawa ndisabwerenso ku ntchito," anatero.

Iwo amagwira ntchito pa kauntala ya loji ina kuseri kwa depoti ya mabasi, shifiti ya masana. Mlendo akaimba foni kufuna chipinda, amalemba dzina lake ndi tsiku pa tsamba la pa kompyuta, n'kudina batani. Tsambalo limayankha ndi mawu obiriwira akuluakulu akuti ZATHEKA. Koma masiku amenewo alendo ankafika ndi zikwama zawo n'kupeza dzina lawo mulibe, m'chipindamo muli kale munthu wina akuimba m'bafa. Ndipo osowawo onse anali olembedwa masana. Olembedwa m'mawa, nthawi ya mphwake wa bwana, sankasowa.

"Ndiye akuti chiyani?"

"Akuti ndimafufuta mayina dala kuti zipinda ndizipatsa anthu anga. Anena pamaso pa alonda ndi ochapa. Ine, achimwene, ndi imvi zangazi."

Ndinatseka shopu, n'kutenga sikuludiraiva ndi kaburashi.

Mwini lojiyo antchito ake amamutchula kuti a Zonsebwino, akakhala kuti sakumva. Denga likadontha, zonse bwino. Mlendo akapeza nsikidzi pa matilesi, zonse bwino, mwina mwabwera nazo nokha. Tinawapeza ataima pakhomo, mimba patsogolo ngati ikulandira alendo payokha, fungo la perefyumu lokwanira ukwati wonse.

"Mwabweretsa loya?" anafunsa akuyang'ana achemwali.

"Loya wa mawaya, bwana," ndinatero. "Ndingoona kompyuta. Ikakhala kuti ilibe mlandu, achemwaliwa ndiwanyamula ndekha."

"Kompyuta sinama, aphwanga. Amanama ndi anthu. Onani, muchoke."

Ya pa kauntala inali yoyera bwino, yopukutidwa, pambali pake kamphika ka maluwa a pulasitiki. Ndinalemba dzina longopeka, n'kudina. ZATHEKA. Nditafuna dzinalo pa mndandanda wa alendo, tsamba linangoonetsa mayina a m'mawa, langa mulibe.

"Kodi mayinawa amakagona kuti?" ndinafunsa. Loji zambiri zimatero: ya pa kauntala ndi pakamwa chabe, mimba yosunga zinthu imakhala kompyuta ina.

Bwana anatambasula manja. Achemwali sankadziwa. Anayankha ndi mlonda, bambo wamtali wa jekete lothothoka mabatani.

"Mukunena chigubu cha kuseri chija? Tiyeni. Koma mupume kaye mpweya wambiri kunoko."

Sankanama. Kachipinda kake kanali pakati pa khitchini ndi chimbudzi cha antchito, kopanda windo, denga la malata lotsika moti ndinawerama. Atangotsegula chitseko, fungo guu! Mkodzo wa makoswe, matawulo onyowa amene anayamba kumera ndevu, ndi kena kake kotsekemera moipa, kamene mphuno imadziwa msanga kuti kanali ndi moyo sabata yatha. Ochapa amaunjika m'menemo nsalu zogonera zakuda. Pansi pa muluwo, pafupi ndi ndowa ya mopu, panali kompyuta yakale yaimvi. Nyali yake inali yozima. Nditaikhudza, inali yotentha ngati ayironi.

"M'mawa uliwonse ndimaidzutsa," anatero mlonda. "Bwana anandisonyeza batani. Ndimadina, imalira ngati chidakwa, n'kudzuka. Dzuwa likafika pamutu imagonanso."

"Munawauza?"

"Ndinawauza. Anati zonse bwino."

Ndinazula mawaya onse, n'kuitulutsira panja pa simenti. Nditamasula chivindikiro, mphemvu zinatuluka ngati ana asukulu belu likalira. Zina zinakwera sikuludiraiva mpaka pa dzanja. Mkati munali chisa: thonje la matilesi, mapepala a sopo, tsitsi la anthu, mafupa a nkhuku ophwanyidwa bwinobwino. Zitosi zakuda mbwee pa bolodi ya timawaya ta makinawo, mafuta a m'khitchini atazimata ngati phula. Ndipo mu fani, imene ntchito yake ndi kuziziritsa makina, munali mwini nyumba, khoswe. Anali atalowetsa mutu pakati pa mapiko, n'kufera momwemo, n'kutupa. Mchira wokha ndi umene unkalendewera kunja.

Ine ndatsegulapo makompyuta a m'mabala ndi a m'mabutchala, koma apa malovu anadzaza m'kamwa. Ndinapita kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo zimene ndinakachita kumeneko sizikukhudza nkhaniyi.

Za kuzimazo zinali zosavuta. Fani yaima, dzuwa likawotcha malata makina amatentha, n'kudzizimitsa okha kuti asapse. M'mawa kukadali kozizira amagwira ntchito, mphwake wa bwana n'kumaoneka katswiri. Masana achemwali amatumiza mayina kwa maliro.

Koma chimene chinandinyansa kuposa khoswe chinali china. Makina osunga mayina atafa, tsamba lija limayenera kukuwa kuti zakanika. Nanga ZATHEKA ankachokera kuti?

Ndinanyamula chigubucho chosatseka, mawaya akukwekwereka pansi, n'kukachikhazika pa kauntala pafupi ndi maluwa a pulasitiki. Mayi wina wovala suti, amene ankadikira kiyi, anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Chotsani chimenecho!" anakuwa bwana. "Pali alendo pano!"

"Pang'ono, bwana. Iyi ndi imene imasunga mayina anu. Mukuona kuti siili pa magetsi? Achemwali, lembani mlendo. Dzina lake Bambo Khoswe, chipinda cha fani, agona mpaka kalekale."

Achemwali analemba, nkhope ili gwa, n'kudina.

ZATHEKA.

"Mwaona?" anatero bwana, koma mawu anatuluka opyapyala. "Ikugwira."

"Ikugwira chiyani, mimba yake ili apa ndi mtembo mkati? Ndani anakulemberani tsambali?"

Nambala anapereka monyinyirika. Ndinaimba n'kukweza mawu a foni kuti aliyense amve. Anayankha mkulu wina wa mawu otopa, ngati munthu amene wakhala akudikira foni imeneyi.

"Loji ya kudepoti? Makina a kuseri aja afa basi?"

"Amafa masana, amauka m'mawa. Koma akulu, tsamba lanu likuti zatheka chigubu chili m'manja mwanga. Munalemba bwanji?"

"Mmene ndinalembera poyamba, likalephera kusunga dzina linkaonetsa mawu ofiira: ZAKANIKA, DZINA SILINASUNGIDWE. Zofiirazo zitayamba kubwera masana aliwonse, ndinawauza eni ake kuti vuto si tsamba, ndi makina a kuseri, awachotse m'kachipinda kaja. Anati zofiira zikuwachititsa manyazi, alendo amasuzumira pa sikirini n'kumaganiza kuti loji ndi yachabechabe. Anati ndichotse, ndiike zobiriwira zokhazokha. Ndinakana, ndinakananso, kenako ndinatopa. Ndinalemba kuti pulogalamu ikakumana ndi vuto ingomeza, inene kuti zatheka. Ndi mzere umodzi wokha. Mpaka lero ndikaukumbukira ndimamva ngati ndaponda zoponda."

Mphemvu imodzi inatuluka m'chigubu, n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa pa belu loitanira antchito.

Ndinayang'ana bwana kudikira kuti manyazi awagwire. Ndinadikira pachabe. Anakonza kolala, n'kumwetulira mayi wa suti uja.

"Mwaona, mayi, vuto talipeza. Kuno sitigona. Zonse bwino." Kenako anatembenukira kwa achemwali. "Inu mawa mubwere monga mwa masiku onse. Zija tinangolankhula. Aphwanga, tsukani makinawo mubwezere. Koma zobiriwirazo zisiyeni, zimakongoletsa."

Ndinatsegula pakamwa, koma achemwali anandigwira mkono. Kuyambira ndili mwana, akandigwira choncho ndimadziwa kuti mpira wachoka kwa ine.

"Bwana," anatero mofatsa, "munanditchula wakuba pamaso pa alonda ndi ochapa. Sindikupempha kuti mupepese, ndikudziwa kuti pakamwa panu mawu amenewo sakwanapo. Koma ine sindikhalanso pa mpando uwu ndi chinthu chovomera zilizonse. Tsiku lina makinawa adzafanso, icho chidzati zatheka, wakuba ndidzakhalanso ine. Zofiira zija ndiye mboni yanga. Zibwerere, ndibwerere. Apo ayi, masana muzikhalapo nokha."

Bwana anayang'ana mpandowo. Ndikuganiza kuti anaona masana onse a moyo wake: mafoni, alendo olusa, dzuwa, ndiponso mphwake amene ikangokwana nthawi ya nkhomaliro amasowa ngati mayina aja. Mayi wa suti anali asanachoke. Mlonda anali pakhomo akuyang'ana kudenga, makutu ali tcheru.

"Alendo aziona zofiira?" anadandaula bwana.

"Alendo aona khoswe," anatero mayi wa suti. "Ndipatseni kiyi, kapena ndiuzeni kuti zakanika ndizipita."

Mkulu wa pa foni, amene tonse tinamuiwala, anatsokomola. "Ndibwezere mzere uja? Sizitenga nthawi."

Bwana anagwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Sananene kuti inde, koma aliyense anamva inde.

Khoswe ndinamutulutsa ndi pulayala, nditamanga thawulo kumphuno, ndipo anatuluka m'magawo awiri. Ndinapukuta bolodi ndi sipiriti, n'kuika fani ina. Chigubucho sindinachibwezere kuseri. Ndinachiika pansi pa kauntala, pamene mapazi a achemwali angachimve chikayamba kutentha. Mkulu wa pa foni uja atati wabwezera mzere uja, ndinati tiyese ndisanalumikize waya wa chigubucho. Achemwali analemba dzina, n'kudina.

ZAKANIKA, DZINA SILINASUNGIDWE. Zofiira piriwiri, zonyansa, ngati chilonda.

Achemwali anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene wamwa madzi ozizira.

Bwana anafika mwakachetechete, nagwira sikirini ndi manja awiri, naitembenuzira kukhoma pang'ono kuti woima pa kauntala asaone. Anabwerera m'mbuyo, nasuzumira ngati mlendo, naikhotetsanso.

"Basi," anatero. "Zonse bwino."

Achemwali anakokera mpando wawo kukhoma komweko, n'kukhala. Ine ndinapita kukasamba m'manja. Sopo wa loji anatha ndisanamve kuti ndayera.