Chimene Chinkagwira Khoma

Kalata ya ku khonsolo inati mayi woona za okalamba adzabwera Lachisanu m'mawa kudzaona ngati a Clifford Entwistle angathebe kukhala okha m'nyumba mwawo. Mwana wawo Glenys anaiwerenga ali chiimire pabalaza, jekete lake likudontha mvula.

"Akangoona chuku icho, Ababa, nkhani yatha. Akutengani."

Ankaloza pamwamba pa zenera, pomwe pepala lokongoletsa khoma linali litada bii ndi chinyezi.

"Anditenga? Ndasanduka katundu ine?"

"Kunyumba ya okalamba ya kumtunda ija malo alipo. N'kofunda bwino. Tiyi amachita kukubweretserani pampando."

"Kumene kuja anthu amalowa ndi miyendo yawo, potuluka amachita kunyamulidwa."

"Inu, pakamwa pokha mukadali mnyamata," anatero Glenys, koma sanaseke.

A Entwistle anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo zoposa makumi asanu anazithera m'nyumba yomweyi, pamzere wa nyumba zanjerwa za antchito akale a kufakitale ya nsalu m'tauni ya Accrington. Pabalazapo anamatapo mapepala kasanu ndi malemu akazi awo, a Doreen. Mayiwo ankapaka guluu patebulo, bambowo n'kumakwera makwerero. Mapepala akale sankawachotsa ayi, atsopano ankangowamata pamwamba, monga ankachitira aliyense mumsewumo. "Zakale zisiyeni, Cliff, zimafunditsa nyumba," ankatero a Doreen. Mumtima a Entwistle ankati umenewo ndi ulesi chabe, koma zaka zonsezo sanatsutse.

Tsopano wowaletsa panalibe. Anaganiza zoigwira ntchitoyo mwadongosolo: kupala zonse mpaka papulasitala, kuumitsa khoma, kumata zatsopano. Mayi wa ku khonsolo adzaone yekha ngati munthu wotha ntchito yotere ndi wofunika kumwetsedwa tiyi pampando.

Lolemba anakagula mipukutu isanu ndi umodzi ya pepala la timaluwa tabuluu. Lachiwiri anakokera mipando pakati, nayamba kunyowetsa khoma ndi siponji ndi madzi otentha a sopo. Ntchito ankaikumbukirabe.

Pepala lapamwamba linasendeka bwinobwino. Pansi pake panatuluka lobiriwira lakale, ndipo pafupi ndi chitseko panali malemba a pensulo. Anali ataiwala. A Doreen anali ndi chizolowezi cholemba chaka ndi mawu pang'ono papepala lakale asanalikwirire.

"1998. Cliff wadulanso mofupikitsa. Akuti vuto ndi lumo."

Anaseka okha, mpaka kutsokomola. Kenako anaona kuti madzi akuyenderera pamalembapo, ndipo pepala linali litafewa kale. Anayesa kulisenda mosamala ndi chopalira, koma linangophwanyika ngati phala. Anaima nalo m'manja kwa kanthawi, kenako analiponya m'thumba la zinyalala. Lachisanu silinali kutali.

Lachitatu anapeza mauthenga ena atatu. Wa chaka chimene Glenys anakwatiwa. Wa chaka chimene fakitale inatsekedwa, wongoti, "Tikhalabe muno." Wachitatu sanathe kuuwerenga, madzi anali atawatsogolera. Onse anapita m'thumba.

Pansi pa zonsezi panali pepala lofiirira la anthu amene ankakhalamo iwo asanabwere, louma gwa ngati chikopa. Analithira madzi kawiri, katatu. Atakankha chopalira mwamphamvu, khoma linalira ngati ng'oma yobooka, ndipo chibenthu chachikulu ngati thireyi chinagwa n'kuswekera pamapazi awo. Pulasitala wakeyo anali mchenga wokhawokha wosakaniza ndi ubweya wa hatchi. Anagwira m'mphepete mwa dzenjelo kuti aone polekezera, napo panagumuka. Njerwa zakuda, zonyowa, zinaonekera, pamodzi ndi waya wakale wamagetsi.

Apo m'pamene anazindikira. Pulasitalayo anafa kalekale. Chimene chinkagwira khomalo zaka zonsezi anali mapepala a Doreen aja, limodzi pamwamba pa linzake.

Glenys anaimba foni madzulo ake. "Muli bwanji kumeneko? Mawu anu akumveka ngati mwameza utuchi."

"Ndikukonzako pang'ono pabalaza."

"Kukonza chiyani? Ababa, musakwere makwerero aja!"

"Ndinayamba kukwera makwerero iwe usanamere mano. Ubwere Lachisanu."

Lachinayi lonse anatha akusesa ndi kutuluka ndi ndowa za zigumuka. Akasesa apa, pena pagwa. Madzi amene anathira dzulo ndi dzana anali atalowerera khoma lonse. Pofika masana panatsala kachigawo kamodzi kolimba, pakati pa zenera ndi kabati, kokwana pepala limodzi. Anasakaniza guluu. Anapachika chingwe chokhala ndi kachitsulo kumapeto, nalemba mzere wowongoka. Anapaka, napinda pepalalo, nalidikira kuti limwe monga ankachitira a Doreen, kenako anakwera. Asanamate anatulutsa pensulo m'thumba, nayang'ana khomalo nthawi yaitali. Analemba chaka chokha.

Lachisanu Glenys anafika limodzi ndi mayi wa ku khonsolo, dzina lake Mayi Pickup, wamng'ono thupi, wolankhula motsitsa. Onse awiri anaima pakhomo la pabalaza. Fumbi linali paliponse, pamipando, pachithunzi chaukwati, ngakhale m'nsidze za a Entwistle, amene anali atavala tayi.

"Mayo ine," anatero Glenys. "Ababa, mwachita chiyani?"

"Taonani ilo," anatero iwo, akuloza pepala la timaluwa lija. "Ikani chingwe muone ngati lapendekeka."

Mayi Pickup analiyang'anadi, mosafulumira. "Lawongoka, bambo. Ndaona ntchito za amisiri zosafika apa." Kenako anayang'ana waya uja, ndi denga lomwe linali litayamba kung'aluka m'mbali. Anamvetsera mmene a Entwistle ankapumira. "Koma muno simungagonemo. Ngakhale lero."

"Ndi chuku chija," anatero Glenys, misozi ili m'maso. "Ndinawauza ine kuti mukachiona muwatenga."

"Chuku chokha?" Mayiyo anatsitsanso mawu. "Tikanangotuma munthu kudzapukuta ndi mankhwala. Theka la nyumba za msewu uno zili nacho."

 Glenys anagwira pakamwa. Bambo ake sanamuyang'ane, kuopa kuti angaganize kuti akumuimba mlandu.

"N'kwa masabata ochepa, mpaka akonze," anatero Mayi Pickup. A Entwistle anagwedeza mutu mwaulemu. Anali ataperekezapo anzawo atatu amumsewumo amene anapita kwa masabata ochepa.

Anakwera kuchipinda, natsika ndi kasutikesi kamene ankapita nako kunyanja ndi a Doreen. Pakhomo anaima, natembenuka. Mipukutu isanu inali chigonere pampando, isanamasulidwe.

"Glenys, vundikira ndowa ya guluuyo. Angaume."

 Glenys anatenga mbale kukhitchini, navundikira ndowayo bwinobwino, ndipo anatuluka.