Nyimbo Zodzera kwa Aneba

"Amayi, n'chifukwa chiyani nyimbo za adadi zimayamba zafika kwa aneba?"

Kamafunso anafunsa zimenezi akumanga zingwe za nsapato, osandiyang'ana n'komwe. Dzinali tinamupatsa chifukwa cha pakamwa pakepo, ndipo mafunso ake ambiri ndinkangowayankha kuti, "Fulumira, uchedwa kusukulu." Koma ili linandiimitsa chipeso chili m'mutu.

"Ukuti chiyani?"

"Ya leroyi ndinaimva dzulo. Ndinali pakhonde, iwo akusoka. Anaibwereza mpaka ndinaigwira."

Ndipo anaiimba, osaphonya ngakhale liwu limodzi.

Foni inali patebulo, vidiyo ikadasewera: mnyamata wa gitala atakhala pamasitepe, akuimba kuti chitseko sanakhome, wokondedwa wake angolowa osagogoda. Inali itafika m'mawa womwewo kuchokera kwa bambo ake a mwanayo, amene anali kutali kuntchito kwa zaka ndithu.

Bamboyo sanali munthu wa mawu. Atangopita ankaimba foni, kenako ankangolemba kuti "muli bwanji kumeneko", kenako kunangoti zii. Ine ndinkalembabe mauthenga ataliatali, iwo n'kumawerenga osayankha. Ndiye m'mawa wina kunafika nyimbo, yokhayokha, popanda ngakhale moni. Patapita masiku kunafika ina, mpaka chinakhala chizolowezi.

Sukulu ine ndinaiphunzira ndili wamkulu, yamadzulo, ndikaweruka kochapira zovala kumene ndimasita. Aphunzitsi athu ankakonda kunena kuti tisamangowerenga mawu, tizifunsa kuti wolemba akufuna kunena chiyani. Nyimbozo ndinkazimvetsera choncho. Mwana atadwala chifuwa, kunafika ya mayi wina akutonthoza khanda pawindo. Tsiku limene abwana anandikalipira chifukwa cha kolala ya shati imene ndinaiwaula, kunafika ya madala atatu akuvina m'galaja, mimba zikugwedera, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Mumtima ndinkati, munthuyu kulankhula sadziwa, koma kumva amamva.

Nyimbo iliyonse ndinkathamanga nayo kwa aneba, mayi wamasiye wosoka zovala amene tinkalekana ndi khoma lokha. "Taonani atumiza lero." Iwo ankaimitsa makina, n'kuvala magalasi, n'kuonera mpaka kumapeto. "Amasankha bwino," ankatero.

Tsono ya chitsekoyi ndinaimva ngati kuitana. Sindinafune kufunsa, kuopa kuti yankho lingaononge. Ndinali nditatsimikiza kale kuti tsiku lomwelo ndikauza abwana kuti mwezi ukatha ndikusiya ntchito, nditenge mwana, tilondole bambo ake.

Kuntchito tsikulo simbi inkandilemera. Nthunzi inkandithira kumaso, ine maganizo ali pa funso la mwana. Ndinayesa kulichepetsa. Pa intaneti nyimbo si ya munthu mmodzi. Ikatchuka aliyense amaipeza. Komanso mwana akhoza kusokoneza dzulo ndi lero. Koma pansi pa zonsezo panali ganizo lina, lonyansa: mwina amayamba kutumizira iwo, ine ndimalandira zotsala.

Mnzanga wa pamakina ochapira anandigunda ndi chigongono. "Lero a disiko anu aja sanatumize nyimbo? Nkhope yagwa ngati thaulo lonyowa."

"Atumiza."

"Ndiye vuto n'chiyani? Wanga akanditumizira kanthu, ndiye kuti akufuna ndimuwiritsire madzi."

Chakumasana abwana, amene m'mawa ndinawapempha kuti tilankhule, anaima pakhomo la chipinda chositira. "Paja munati muli ndi mawu?"

Ndinayang'ana buluku limene linali pathabwa. "Adikire mawa, bwana."

Nditaweruka sindinalowe m'nyumba mwanga. Dzuwa linali likadalipo, Kamafunso akusewera ndi anzake kuseri. Aneba ndinawapeza akupinda mpendero wa diresi, mapini ali pakamwa. Ndinakhala pampando wa makasitomala, chikwama chili pamiyendo.

"Nyimbo ya chitseko ija," ndinatero, "mwana akuti anaimva kuno dzulo."

Anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi, n'kuwabaya pakansalu ka pamkono.

"Kamwana kameneka kali ndi makutu."

"Ndiye ndi zoona."

"Ndi zoona."

"Amayamba kutumizira inu?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Ine? Ndi mawondo angawa? Ayi, amake Kamafunso. Ndikanakhala wakuba mwamuna, bwenzi nditaba wolankhula."

"Ndiye ndiuzeni."

"Ndimatumiza ndine. Ndimazipeza ndikamapuma masana, n'kuwatumizira iwo, iwo n'kutumiza kwa inu."

Makina a telala wina anali kulira kutsidya kwa msewu. Ndinawamvetsera kwa kanthawi, chifukwa zimene ndinali nditamva zinkakana kulowa.

"Zonse?"

"Zonse."

"Ya khanda ija?"

"Chifuwa cha mwana ndinkachimva ndine. Khomali silibisa kanthu."

"Ya madala ovina?"

"Munabwera mukulira za kolala."

Anandifotokozera mmene zinayambira. Nthawi imene bamboyo anasiya kuyankha, anebawo ankandimva ndikuyendayenda m'chipinda, ndikutsegula foni n'kutseka. Nambala anali nayo chifukwa bamboyo ndi amene ankawakonzera makina asanapite. Anawaimbira n'kuwakalipira ngati mlongo wawo. Bamboyo anangoti alibe chonena, akayamba kulemba mawu amathawa. Ndiye aneba anati, chabwino, ngati mawu mulibe, nayi nyimbo, ingotumizani. Ankaganiza kuti akatumiza iwiri itatu, manyazi awagwira, ayamba kusankha okha.

"Sanasankhepo ngakhale imodzi?"

Anatola kaulusi pa diresi.

"Ndipo ine ndikabwera kudzakuonetsani, inu n'kuvala magalasi."

"Ndikanatani?"

"Mukanandiuza."

"Munkaseka, amake mwana. Munali mutasiya kuseka."

Sindine munthu wofulumira kuweruza, koma pamenepo ndinawada. Ndinawada kuposa mmene ndikanawadera akanakhala kuti anditengera mwamuna. Mkazi wolandidwa mwamuna amadziwa chimene wataya. Ine ndinali nditakhala miyezi yonseyo ndikufunsa kuti wolemba akufuna kunena chiyani, pamene wolembayo anali kuseri kwa khoma, akusoka masiketi a ana asukulu.

"Lero ndimakasiya ntchito," ndinatero. "Chitseko sanakhome, bwera usagogode. Ndimati akundiitana."

Magalasi anawavula. Nkhope yawo inasintha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mantha.

"Mwasiya?"

"Ndati mawa."

"Imeneyo sinali yanu." Mawu awo anali atatsika. "Inali ya bambo ake a mwana. Ndinawalembera pansi pake kuti, iyi musatumize, mumvere nokha, chitseko chake ndi cha kuno, bwerani mudzaone mwana. Onani."

Ananditambasulira foni. Vidiyo inali pomwepo, mawu awo ali pansi pake monga ananenera. Pansi pa mawuwo panali yankho la bamboyo: kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba. Nditakwera m'mwamba m'mauthengamo, pansi pa nyimbo iliyonse panali chala chomwecho, mzere wonse wa zala.

"Sanaitsegule n'komwe," ndinatero.

"Sindikudziwa."

"Mukudziwa. Amangokankhira kuno ngati katundu wa eni."

Ndinawabwezera foni. Panja Kamafunso anali kuphunzitsa anzake nyimbo ija, akuwakonza akalakwitsa. Anafika kumapeto n'kuyambiranso.

Ndinaimirira, n'kukoleka chikwama paphewa. Ndinkafuna kutuluka osanena kanthu, ndiwasiye ndi diresi lawolo. Koma pakhomo ndinaima, chifukwa ndinadziwa kuti ndikapanda kulankhula, mawa kapena mkuja foni idzaliranso, ndipo ine ndidzaithamangira.

"Aneba, ndilonjezeni chinthu chimodzi. Musawatumizirenso. Ngati ali chete, ndimve kuti ali chete."

"Nanga mwana akafunsa?"

"Adzafunsa ine. Ndine mayi ake."

Anaika dzanja pa gudumu la makina, osalizunguza. "Ndalonjeza. Koma inunso mundilonjeze kuti mawa mukapita, mukangosita. Abwana akafunsa mawu aja, mukati mwaiwala."

"Ndikasita."

"Nanga ndikapeza ina yabwino? Ndizimvera ndekha m'makutu ngati wakuba?"

Ndinayang'ana khoma lija. Mbali yawo linali ndi misomali yopachikapo madiresi a anthu. Mbali yanga, pamalo omwewo, ndi pamene panatsamira mutu wa bedi langa.

"Kuno musabwere nayo, ndipo pafoni musanditumizire," ndinatero. "Ingokwezani mawu ake."

"Ndizikweza," anatero.